Kiyi wa Chipinda cha Mfuti ku Lang'ata

1993

Ana anga, ichi mukachilembe penapake: zaka zonse zimene ndinakhala ku Nairobi, panalibe munthu wondiposa pa kunenerera. Ogulitsa a m'misika ya Gikomba ndi Kariokor ankati akandiona ndikutsika matatu, minibasi za kumeneko, mtengo unkayamba kutsika wokha ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Chinthu ndikachifuna ndinkachipeza, mwini wake n'kumandithokozanso pondipatsa. N'chifukwa chake tsiku lina ndili pa khomo la nyumba yathu ku Umoja ndinauza mayi anu kuti, "Kiyi uja wa chipinda cha mfuti adzagona m'thumba langa. Mudzandiuze kuti ndinanama." Iwo anangoti, "Chabwino, bambo a Chisomo," n'kupitiriza kusoka.

Ku Kenya ndinapita mu 1991 ngati dalaivala wa bwana wina wa kwathu konkuno, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko. Patatha zaka ziwiri anamusamutsira ku Ulaya, ine n'kutsala ndi mkazi, ana awiri ndi pakamwa panga. Pakamwapo ndi pamene panandipezera ntchito ku Lang'ata, kufupi ndi bwalo la ndege zing'onozing'ono, pa kampani yobwereketsa katundu kwa anthu ojambula mafilimu. Mwini wake anali mzungu wobadwira komweko, tonse tinkangomutcha Bwana Ndevu. Ojambula akati tikufuna nyale khumi za kale, kapena sutikesi yooneka ngati inakwerapo sitima ya pamadzi, Bwana Ndevu ankakuwa, "Mbewe!" Ine n'kukwera matatu, madzulo n'kubwera nazo.

Kumapeto kwa nyumba yosungiramo katunduyo kunali chitseko chachitsulo. Mkati mwake munali mfuti zisanu ndi imodzi za m'chiuno, zija mumaziona m'mafilimu a makauboyi. Zinkaombera zipolopolo zopanda mutu, zongolira n'kutulutsa moto ndi utsi, komabe apolisi ankazitenga ngati mfuti zenizeni. Lamulo lawo linali loti pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina wosunga kiyi, ndipo mfuti zikatuluka, iyeyo azipita nazo. Munthu ameneyo ankakwera kutsogolo kwa galimoto. Ankadya pa tebulo limodzi ndi ojambula, ife tikudyera kuseri kwa lole. Akakweza dzanja, ngakhale mkulu wa filimu ankaima. Kiyiyo Bwana Ndevu ankamukoleka m'khosi ndi chingwe cha nsapato, koma maso ake anali atayamba kuchita khungu, ndipo anali atanena kale kuti tsiku lina adzamupereka kwa mmodzi wa ife. Ine ndinayang'ana anzanga onse, n'kuona kuti "mmodzi wa ife" ndinali ine.

1995

Loweruka lililonse tinkapita ndi mfutizo ku famu ina ku Kitengela, kumene anyamata ankachita sewero la makauboyi anthu akudya nyama yootcha. Mfuti zamtunduwu ndi zaulesi. Usanaombe, uyenera kukokera kumbuyo kahamala kake ndi chala chachikulu, ukaomba ukokenso, choncho choncho. Koma oonerera ankafuna zija za m'kanema: munthu kusolola mfuti m'chikwama chachikopa ngati mphezi, chala chili chigwirire pokokera, dzanja linalo likumenya kahamala motsatizana, pha-pha-pha. Ife Amalawi tinkati kukupiza, chifukwa dzanja limayenda ngati ukukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto. Mfuti zathu zinali zolimba ngati mpini wa chigayo. Anyamata ankabwera zikhatho zitachekeka, ndipo mmisiri wakale, amene kumeneko amati fundi, anali atamwalira.

"Mbewe, iwe umapeza chilichonse," anatero Bwana Ndevu. "Ndipezere fundi."

Mwezi womwewo makina osokera a mayi anu anali atayamba kudula ulusi. Kutchalitchi kumene Amalawi tinkakumana anatilozera a Zuze, bambo wa ku Balaka amene anabwera kudzaona mwana wawo wamkazi wokwatiwa ku Nairobi, n'kungokhalitsa. Anali munthu wamfupi, wolankhula ngati mawu amawagula. Makina aja anawamasula pa mkeka, n'kuwabwezera, ndipo anayamba kuyenda mwakachetechete moti mayi anu anaseka okha. Ine ndinaona malonda. Ndinawatengera ku Lang'ata, ndipo pakuti Chingerezi chawo chinali cha m'buku la makina, ndinawalankhulira ndine. Ndinawanenerera ntchito, ndinawanenerera chikalata chogwirira ntchito m'dzikomo, ndinawanenereranso tebulo pafupi ndi windo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Tsiku limenelo mbuzi ndinali ine.

Bwana Ndevu atawapatsa mfuti yoyamba, a Zuze sanaiyang'ane n'komwe. Anaiika pa khutu, n'kukoka kahamala pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire.

"Ili ndi mchenga m'mawu," anatero.

"A Zuze, imeneyi si makina osokera," ndinawanong'oneza. "Musandichititse manyazi."

"Makina ndi makina, a Mbewe. Ena amasoka nsalu, ena amasoka phokoso."

Anakhala nayo masabata atatu, ndi tupa zing'onozing'ono, kamwala konolera ndi oyilo wa makina osokera. Kahamala anakawongolera m'mwamba n'kukasalaza, kuti chikhatho chizingotsetsereka osachekeka. Zimene anachita mkatimo sindinazimvetse, ndipo mumva posachedwa mmene kusamvetsako kunandithera. Bwana Ndevu ataiyesa, anakupiza kasanu utsi usanabalalike, n'kuima kukamwa kuli yasa. Kenako anapita yekha kukatenga kapu ya tiyi n'kuwapatsa a Zuze ndi manja awiri. Ine ndinali nditagwira ntchito zaka ziwiri, ndinali nditamupezerapo ngakhale belu la sitima yapamtunda, koma tiyi ndinkadzithirira ndekha.

1996

Nsanje siibwera ndi ng'oma. Imayamba ngati kamwala mu nsapato. Bwana anayamba kuwatchula a Zuze kuti Daktari, ndiye kuti dokotala. M'mawa ankawatsegulira chitseko chachitsulo n'kuwasiya okha mkatimo mpaka madzulo. Ku Kitengela anyamata a sewero ankawanyamulira mpando. Ine ndinayamba kuwapezera zifukwa. Ndinkati jekete lawo ndi la maliro. Ndinkati amatafuna chakudya ngati akuwerenga mano. Choipa kwambiri chinali chakuti iwo sankandilakwira chilichonse. M'mawa uliwonse ankavula chipewa, "Mwadzuka bwanji, a Mbewe? Nanga kunyumba?" Munthu wamwano ukhoza kumuda bwinobwino mtima uli m'malo. Koma waulemu amakusiya ukupsa wekha.

"Inu mukudwala a Zuze," anatero mayi anu tsiku lina, nditadandaula kuyambira pa khomo mpaka pa mpando. "Dzulo a Zuze, lero a Zuze. Anakudyerani chiyani?"

"Ndinawabweretsa ndine."

"Eya. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Inu mumafuna abwere ndi kobuntha?"

Ndinaganiza kuti pali chinthu chimodzi chimene ndingawapose nacho. A Zuze ankakonza mfuti, koma sankaiomba. Ine ndikadziwa kusolola ndi kukupiza, ndikadziwanso kugwira tupa pang'ono, Bwana adzaona kuti kwa Mbewe akupeza zinthu ziwiri pa mtengo wa chimodzi. Ndinasema mfuti yamtengo, n'kumayeserera kuseri kwa nyumba ku Umoja, pakati pa zingwe zoyanikapo zovala. Iwe Chisomo unkandiwerengera, ukukumbuka? Unkati, "Adadi, mwafa kale."

1997

Pofika chaka chimenechi a Zuze anali atamaliza mfuti zisanu. Yotsala, imene tinkaitcha nambala sikisi, anali asanaikhudze. Inali yolimba, koma yosavuta, ndipo ku Kitengela ankaipereka kwa mnyamata wosewera ngati wakuba, amene ntchito yake inali kungogwira mfuti n'kugwa. Masana a Zuze ankapita kukadya pa kakantini ka malata kutsidya kwa msewu, chitseko chachitsulo n'kuchisiya chotsekedwa ndi mpando chabe. Ndinkalowa. Tsiku loyamba ndinakupiza nambala sikisi yopanda chipolopolo, kahamala n'kundicheka m'chikhatho cha kumanzere ngati mpeni. Ndinamanga kansalu n'kuuza anthu kuti ndi lata. Tsiku lachiwiri ndinatenga tupa ya a Zuze. Ndinali nditawaona akupala, ndipo kupala kunkaoneka ngati ntchito ya mwana. Ndinamasula mfutiyo, ndinapala pamene pankaoneka pokhakhala, ndinabwezera. Inafewa! Kahamala kankangobwera kokha. Masana awiri okha, ine nditachita zimene Daktari ankachita masabata atatu. Ndinakonza zoti ndidzaionetse kwa Bwana Lolemba lotsatira.

Loweruka linafika Lolemba lisanafike. Ku Kitengela kunali fumbi ndi dzuwa, anthu atadzaza m'mabenchi. Wakuba anali Otieno, mnyamata wamtali wokonda nthabwala. Anaima miyendo tang'a, n'kuika dzanja pa mfuti monga ankachitira sabata iliyonse, ndipo mfutiyo inalira ili m'chikwama. Chipolopolo chopanda mutu chilibe mutu, koma moto chili nawo. Buluku linang'ambika, ntchafu inapsa, Otieno n'kugwa akukuwa. Anthu anaomba m'manja, ankayesa sewero. Ine ndekha ndi amene ndinadziwa msanga kuti si sewero.

Otieno titamusiya kuchipatala, Bwana Ndevu anatembenukira kwa a Zuze pamaso pa tonse. Sindinamuonepo atafiira choncho. Anati ndi munthu mmodzi yekha amene amagwira tupa m'chipinda chija. Anati mwezi ukatha achoke, ndipo popeza chikalata chawo chinali cha ntchito imeneyo, kuchoka kunatanthauza basi ya ku Malawi. A Zuze anaitenga mfuti ija, anaitsegula, anayang'ana mkati nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndamva, bwana." Basi. Pobwerera, Bwana anandiitana kuti ndikhale kutsogolo kwa galimoto. Tikudutsa Athi River anati, "Maso anga atha, Mbewe, ndipo ndinakhulupirira munthu wolakwika. Lolemba ukutenga kiyi."

Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima unandipweteka pomwepo. Ayi. Mpando wa kutsogolo unali wofewa, ndipo ndinaukonda.

Lamlungu, mapemphero atatha, tinkapatsana moni panja monga mwa nthawi zonse. A Zuze anandipatsa dzanja, koma m'malo mosiya, anagwiranso lamanzere lija n'kulitembenuza. Anasuntha kansalu, n'kuyendetsa chala chawo m'mbali mwa bala, pang'onopang'ono, ngati telala akuyeza kolala.

"Nambala sikisi imaluma, eti?" anatero motsitsa mawu.

"Ndi lata, a Zuze."

"Lata. Chabwino. Koma mukadzakumananso nalo latalo, mudzaliuze kuti tupa imapita kutsogolo kokha. Lija limaibweza ngati likucheka nkhuni. Mizere yake ndinaiona mkatimo."

Pakamwa panga, pamene panagonjetsa Gikomba yense, panangotulutsa funso limodzi. "Nanga bwanji simunanene dzulo?"

"Ndikanena ine, ndi miseche. Mukanena inu, ndi nkhani. Komanso inu muli ndi ana ku sukulu. Wanga anakwatiwa."

Ndiye tamverani zimene bambo wanu anachita. Ndinayamba kunenerera. "Tigawane mlanduwu, akulu. Inu munene kuti munasiya chitseko chosakhoma, ine ndinene kuti ndinangoigwira pang'ono. Theka ndi theka, Bwana akhululuka tonse."

A Zuze anaseka, koyamba chiwadziwireni. "A Mbewe, mlandu si mulu wa tomato. Chitseko ndikanena ndekha, chimenecho n'changa. Tupa ndi yanu." Anavala chipewa n'kupita kukakwera matatu.

Masana onse a Lamlungu limenelo mayi anu ankasoka mayunifolomu anu. Sindinawauze kanthu, koma anali ataona bala, anamvanso za ku Kitengela, ndipo mayi anu sanali munthu wofuna kumuwerengera kawiri. Makina aja ankangoyenda, osadula ulusi ngakhale kamodzi. Atafika kumapeto kwa msoko anati, osandiyang'ana, "Akuyenda bwino makinawa, eti bambo a Chisomo? Zaka ziwiri tsopano."

Lolemba m'mawa Bwana Ndevu anavula chingwe m'khosi n'kundiika kiyi m'dzanja. Mwatsoka ndinatambasula lamanzere. Kiyi anagwera pa bala penipeni. Anali wofunda, wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamugwira, ndikuganiza, kwa mpweya utatu. Zaka zinayi ndikumulota, mpweya utatu. Kenako ndinamuika pa tebulo n'kunena zonse.

"Tuluka," anatero Bwana. "Usadzabwerenso."

"Bwana, umenewo ndi mtengo woyamba."

Anandiyang'ana ngati andimenya. Koma ukaipa, dziwa nyimbo. Ndinamukumbutsa kuti mwezi wotsatira kukubwera ojambula ofuna ngolo zitatu za ng'ombe ndi wailesi ya kale, ndipo palibe wina angazipeze. Tinakangana mpaka tiyi wa teni koloko. Tinagwirizana motere: ntchito ndikhala nayo, koma ndiimirire pamaso pa antchito onse n'kunena zimene ndinachita, Otieno ndizimunyamula ndine kupita kuchipatala mpaka atachira, ndipo phazi langa lisadzadutse chitseko chachitsulo mpaka kalekale. Otieno, nditamupepesa, anati, "Wewe Mmalawi, sabata iliyonse ndimafa mwabodza, iwe unafuna ndife zoona?" Chipsera ali nacho mpaka lero, ndipo chimenecho sindiseka nacho. Madzulo a tsiku lomwelo, chingwe cha nsapato chinali m'khosi mwa a Zuze.

2001

Musaganize kuti kuulula kunachiza nsanje. Kunangoichotsera mano. Zaka zinayi ndinkaona a Zuze akukwera kutsogolo, ine kumbuyo pamwamba pa mahema. Ndinkawabweretsera oyilo ndi timasikulu, n'kuima pa khomo ngati nkhuku yoletsedwa kulowa m'khitchini, iwo n'kutambasula dzanja kulandira. Mfuti yamtengo ija sindinaitaye. Sindikudziwa chifukwa chake.

Chaka chimenechi kunabwera anthu ojambula kanema wotsatsa mankhwala opopera udzudzu. Nkhani yake inali yoti kauboyi akulephera kupha udzudzu ndi mfuti, kenako mkazi wake akubwera ndi kachitini. Tinkajambulira pa famu ya ku Kitengela ija. Wosewera anali wokongola nkhope, koma manja ake anali ngati mikate. Kasanu mfuti inamugwa. Mayi amene ankatsogolera kujambulako anati nkhope ali nayo kale, akungofuna dzanja, alijambule pafupi likusolola ndi kukupiza. Onse anayang'ana a Zuze.

"Ine ndimakonza, sindiomba," anatero a Zuze. "Koma alipo munthu. Ali uko, akutsitsa mipando."

"Mbewe ndi woletsedwa," anatero Bwana Ndevu.

"Munamuletsa chipinda, bwana. Chipinda chili ku Lang'ata. Kuno ndi panja."

Zaka zonsezo ndinkayesa munthuyu sadziwa kunenerera. Bwana anakanda ndevu, n'kukweza mapewa. A Zuze anatsegula bokosi n'kutulutsa nambala sikisi. Ndinkayesa anaitaya kalekale. Anali ataikonzanso yonse ndi zitsulo zatsopano mkati, ndipo kahamala kake kanali kosiyana ndi ka zinzake zisanu, kotambalala pang'ono, kopendekera mbali imodzi. Nditakamenya ndi chikhatho, kanadutsa pambali pa chipsera changa osachikhudza.

"Munayeza liti?" ndinafunsa.

"Kutchalitchi. Munandipatsa dzanja nokha."

Tinajambula kawiri kokha. Kanemayo anaoneka pa wailesi ya kanema pafupifupi chaka chathunthu, madzulo aliwonse nkhani zisanayambe. Dzanja langa linkaoneka nthawi yosakwana kuyetsemula. Ndinkaitana anthu a pa mdadada wathu ku Umoja kuti adzaone, ndikuloza, "Ilo! Ilo!" Pomwe ankatembenuka, pa galasi panali kale mkazi ndi kachitini. Mayi wina woyandikana nafe anati, "Mzee, dzanja ndi dzanja." Dzina langa silinalembedwe paliponse. Pa pepala la ojambula panalembedwa dzina la wosunga mfuti.

2006 ndi pambuyo pake

Bwana Ndevu atadwala, kampani inatsekedwa. Mfuti zonse zisanu ndi imodzi a Zuze anakazipereka kupolisi, ine ndikuwayendetsa pa galimoto, ndipo anazipukuta ndi oyilo asanazipereke, ngakhale tonse tinkadziwa kuti zikukaphwanyidwa. Ogula nyumba ija anachotsa chitseko chachitsulo. Kiyi anatsala wopanda chotsegula. A Zuze anabwerera ku Balaka chaka chomwecho, ife tinatsatira patapita zaka ziwiri.

Chaka chatha ndinakwera minibasi kukawaona. Akalamba, koma akukonzabe makina osokera pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Pamwamba pa tebulo lawo pali msomali, ndipo pa msomalipo pali chingwe cha nsapato. Ndinachiona ndisanawapatse n'komwe moni. Ana anga, ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndili ndi zidzukulu, ndine mkulu wa mpingo, koma kamwala kaja kanali mu nsapato momwemo.

"Akugwira ntchito yanji kiyi ameneyu, akulu? Ndigulitseni."

"Sagulitsidwa, a Mbewe."

Ndinayamba ndi kumunyoza, monga mwa lamulo la malonda: wachita dzimbiri, satsegula kanthu. Ndinatchula mbuzi. Ndinatchula njinga yanga. Ndinanyamuka ngati ndikupita, n'kufika mpaka pa msewu, ndikudikira kuti andiitane monga ankachitira a ku Gikomba. Sanandiitane. Ndinabwerera ndekha, ndipo anali atandithirira kale tiyi. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Inu muli ndi chanu," anatero, akuloza chikhatho changa. "Chimenecho ngakhale mbala singakubereni. Uyu ndisiyireni."

Ndiye ndi zimenezo. Iwo anakhala ndi kiyi zaka zisanu ndi zinayi, ine mpweya utatu. Dzanja langa linaonedwa ndi dziko lonse la Kenya, koma palibe analidziwa, ndipo mfuti imene linagwira inali ntchito yawo. Iwo ali ndi kachitsulo kosatsegula chitseko chilichonse pa dziko lapansi, ine ndikukafunabe. Mayi anu akadakhala moyo ndikudziwa chimene akanayankha, n'chifukwa chake ndikufunsa inu. Pa malonda amenewa, anapambana ndani?